Kaseti ya gemu m'nyumba yopanda magetsi

Ana anga, munthu akakufunsani ntchito imene bambo anu ankagwira mumangoti, "Ankang'amba matikiti pa msika." Simunama ayi. Ndinang'amba matikiti kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, mpaka chala changa chachikulu chinauma ngati chikopa. Koma pali tsiku limodzi limene ndikufuna mulidziwe bwino ine ndisanayambe kuiwala. Ndi tsiku limene ndinakana kulanda katundu wa mayi wina wamasiye, zitatsala zaka ziwiri kuti ndipume, ndikudziwa kuti penshoni ikhoza kundipulumuka m'manja. Kuti mumvetse kuuma mutu kumeneku, ndiyambire kumene kunayambira.

1966, Mikolongwe

Khonsolo inandilemba ntchito ndili mnyamata wosakwatira, n'kunditumiza pa kamsika ka kufupi ndi Mikolongwe. Anandipatsa chikwama cha chikopa, buku la matikiti ndi wezulo. Bwana wanga woyamba anali a Mangani, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene ankavala jasi ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Tsiku loyamba ndinaliza wezulo kasanu, kufuna anthu adziwe kuti kwabwera wa boma. A Mangani anandilanda n'kuiika m'thumba mwawo.

"Iwe, kuno kulibe mpira," anatero. "Anthu awa anayamba kugulitsana zinthu pano agogo ako asanaone nsapato. Ntchito yako ndi kuwapatsa malo ndi kuleretsa ndewu, basi."

Wezulo imeneyo sindinaionenso, ndipo sindinaisowe. Chimene chinkasowa kawirikawiri ndi matikiti. Mvula ikagwa galimoto ya ku boma inkatha miyezi iwiri osafika, ndiye tinkadula mapepala a m'kope n'kumadindapo chidindo. Inki ikauma, a Mangani ankaithira tiyi wozizira n'kupitiriza kudinda. Pa msika umenewo ndinaona kuti zatsopano zinali masamba, nsomba ndi mchere. Zina zonse zinali zitadutsa kale m'manja mwa munthu wina: makasu, mapoto, nyale, njinga zoti mwini wake woyamba palibe ankamukumbukira. Sindinamvepo munthu akufunsa ngati wopanga njinga analola kuti igulitsidwenso. Tinkangofunsa ngati si yakuba.

1975 mpaka 1987, Mauwa

Ananditumiza ku Mauwa nditakwatira mayi anu, ndipo atatu a inu munabadwira kumeneko. Tsopano msika unali m'manja mwanga ndekha. Zinali zaka zovuta. Panali nthawi imene sopo, palafini ndi mabatire zinkasowa mpaka munthu ankayenda wapansi kukafika ku boma n'kubwerera chimanjamanja. Mabatire tinkawayanika pa dzuwa kuti wailesi ilankhuleko pang'ono. Amuna obwera ku Joni ankafika ndi mawailesi aakulu ndi masutikesi, mudzi wonse n'kuwachingamira, koma chaka chisanathe zinthu zomwezo zinkapezeka pa msika wanga. Sindinkawaseka. Wailesi imodzi inkalipirira mwana sukulu, ndipo wogula ankapita nayo akumwetulira.

Kumeneko ndiye ndinatchukira kuti a Mulinde ndi osamva. Mkazi wa munthu wina wamkulu ankayala nyemba zake osadula tikiti, aliyense akuyang'ana kumbali. Ine ndinamudulira. Anandifunsa ngati ndikudziwa mwamuna wake, ndinati ndikumudziwa, koma amene wayala nyemba si iye. Patatha miyezi itatu kalata inabwera yoti ndasamutsidwa. Mayi anu anapakira mapoto osandilankhula mpaka tinakafika.

1988 mpaka 1990, kufupi ndi Nguludi

Chilango chimenecho chinandikomera, chifukwa msika watsopanowu unali waukulu. Kunali aphunzitsi, anamwino, antchito a ku mishoni ndi a m'maesiteti, anthu olandira malipiro pa mwezi, ena a iwo okhala m'nyumba za magetsi. Kumeneko ndiye ndinaonera magemu koyamba. Nthawi imeneyo dziko lathu linalibe nyumba youlutsira kanema, choncho munthu akakhala ndi sikirini ntchito yake inali vidiyo, kapena kulumikizako kamakina ka gemu. M'kamakinamo ankalowetsamo kabokosi kamene anthu ankangokatchula kuti kaseti, ndipo pa sikirini pankatuluka timagalimoto tothamangitsana kapena tianthu tomenyana nkhonya. Panalinso timagemu ta m'manja toyendera mabatire. Ine ndinkaona ngati misala. Koma ndinaonapo mphunzitsi wamkulu wa imvi zake akupsereza ndiwo chifukwa cha kagalimoto ka pa sikirini, ndiye ndinasiya kuweruza.

Vuto la gemu ndi lakuti munthu akaisewera mwezi umodzi imamukwana. Kaseti ndi yabwinobwino, koma mwini wake sakuifunanso, pamene mnzake wa nyumba yachitatu akuilakalaka. Amene anaona zimenezi poyamba anali Anangondo, mkazi wa a Sitima. A Sitima anali m'gulu la omaliza kubwera kuchokera ku migodi, ndipo anabwera ndi kamakina ka gemu, makaseti angapo ndi chifuwa chimene sichinawasiye. Anamwalira mu 1990, kusiya ana anayi. Anangondo sanapite kusukulu, koma mutu unkagwira ntchito. Anayamba ndi kugulitsa makaseti a malemuwo, kenako n'kumagula kwa anthu amene magemu awakwana, ngakhale kukwera basi kupita ku Limbe kukagogoda m'makomo. Ankayala pa thumba pakati pa wogulitsa maloko ndi wokonza mawotchi. Wofuna kusinthitsa ankabwera ndi kaseti yake n'kuwonjezerapo pang'ono. Ikakana kugwira ntchito, ankaibweza Loweruka lotsatira popanda mkangano. Ana aja ankadya ndi kupita kusukulu chifukwa cha thumba limenelo.

Tsidya la msewu kunali sitolo ya a Juwawo. Anali munthu wa mimba yake, wochezeka akafuna, wokhala ndi nyumba ya vidiyo kuseri ndiponso shelefu ya makaseti atsopano okutidwa m'pulasitiki. Mtengo wa kaseti imodzi kwa iwo, kwa Anangondo unkagula zitatu. Shelefu ija inayamba kuchita fumbi.

1991, kalata

Lachiwiri lina mesenjala anabwera ndi kalata yochokera kwa bwana Thombozi, amene ankayang'anira ife tonse a m'misika. Kalatayo inati kuyambira Loweruka magemu akale asagulitsidwenso pa msika, ndipo opezeka nawo ndiwalande n'kuwatumiza ku ofesi. Chifukwa chake chinali chakuti a Juwawo anali ndi chikalata chochokera kwa amene ankawaodetsa katundu ku Limbe, chonena kuti iwo okha ndiwo ololedwa kugulitsa magemu m'dera lathu. Komanso pa mabokosi a makasetiwo panali timawu ta Chingerezi toletsa kugulitsanso popanda chilolezo cha opanga. Ndinaiwerenga katatu. Bwana Thombozi sanali munthu woipa, koma ankaopa pepala lililonse lokhala ndi chidindo, ndipo a Juwawo ankadziwana ndi anthu amene sitinkawatchula mokweza masiku amenewo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Mayi anu nditawauza anasiya kupeta mpunga n'kundiyang'ana.

"Bambo a Rozina, zatsala zaka ziwiri," anatero. "Ku Mauwa munatisamutsitsa chifukwa cha nyemba. Pano mukufuna kutidyetsa chiyani, magemu? Inu gemuyo munaigwirapo n'komwe?"

"Sindinaigwirepo."

"Nanga tsono?"

"Makina anu osokerawo munagula kwa mayi a kwaya aja. Anakapempha kwa ndani asanakugulitseni?"

Mpunga unapetedwa mwamphamvu kuposa masiku onse. Kunena zoona ndinali ndi mantha. Ndinaganizapo zongowauza Anangondo kuti Loweruka asabwere, nkhani ithere pomwepo. Koma asabwere Loweruka limenelo, nanga linalo akadya chiyani?

Loweruka linafika. Anangondo anayala thumba lawo monga mwa masiku onse, ngakhale mphekesera anali atazimva. A Juwawo anaima pakhonde la sitolo manja ali m'chiuno, mesenjala ali pambali panga ndi thumba lopanda kanthu loti tiikemo katunduyo. Ndinayamba ndi mzere wa tomato, n'kupita wa nsomba, kuzengereza ngati mwana wotumidwa kukathyola chikwapu chomukwapulira. Pomaliza ndinafika pamene panali Anangondo. Anagwada n'kuyamba okha kusonkhanitsa makaseti.

"Achimwene, ndamva," anatero motsitsa mawu. "Musavutike nane. Koma mundisiyireko thumbali, ndi lobwereka."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa chipongwe chilichonse chimene ndinalandirapo pa ntchito. Ndinatsegula buku, ndinang'amba tikiti, ndinawapatsa.

"Anangondo, lipirani malo, muzigulitsa. Zinthuzi munaba?"

"Ayi."

"Ndiye ndi zanu."

Mesenjala anandinong'oneza kuti, "Abwana, kalata ija." Ndinamuuza kuti apinde thumba lake akapereke moni ku ofesi. A Juwawo sanawoloke msewu. Anangolowa m'sitolo, ndipo Lolemba kalata ina inali itafika: Lachinayi ndikaonekere kwa bwana Thombozi, ndikafotokoze chifukwa chimene ndisachotsedwere ntchito.

Ndinalibe choti ndikanene kupatula kuti mtima wanga unakana, ndipo ku ofesi mtima salemba m'faelo. Lachiwiri masana Anangondo anabwera kunyumba kudzapepesa, ngati kuti analakwa ndi iwo. Anakhala pa mphasa ndi mayi anu, ine ndili pa mpando.

"Chimene chikundiwawa n'chakuti a Juwawo omwewo anagulapo zakale," anatero. "Malemu amuna anga, bambo a Lusiya, atadwalika anawagulitsa makaseti anayi. Patapita sabata ndinawaona pa shelefu atavala pulasitiki."

"Mungawazindikire bwanji, poti onse amafanana?"

"Kunja amafanana. Koma amuna a ku Joni inu simuwadziwa? Kukomboni ya mgodi kunali kuberana, ndiye chilichonse ankachilemba nambala yawo ya ntchito. Bambo a Lusiya ankaotcha msomali n'kulemba malo obisika. Sutikesi analemba kunsi kwa nsalu, wailesi analemba mogona mabatire. Makaseti ankamasula timasikuluwu n'kulemba mkati. Ndinkawaseka kuti tsiku lina adzandilemba ine."

"Adakalipo pa shelefu?"

"Atatu anagulidwa. Ya amuna omenyana nkhonya ndimaiona idakalipo. Kaya ndi yomweyo, kaya anaodanso ina, sindingalumbire."

Apa panali povuta. Ndikagula kasetiyo n'kuitsegula kunyumba, a Juwawo akanati nambalayo ndalemba ndine. Inayenera kukatsegulidwa pamaso pa bwana, pulasitiki ili yosang'ambika, ine osadziwa chimene chili mkati. Ndikakapeza mulibe kanthu, ndiye kuti ndanamizira munthu wodziwika, kuwonjezera pa kukana lamulo. Komanso mwezi unali pakati, m'thumba mulibe kanthu. Mayi anu, amene sanandilankhule bwino kwa sabata yathunthu, anadzuka, anapita kukhola n'kumasula kambuzi kawo kuti ndikagulitse.

"Mukakagwa, mukagwe mutayesa," anatero. "Koma mbuziyi mudzandibwezera."

Lachitatu ndinalowa m'sitolo muli anthu. Ndinaloza kaseti ya nkhonya. A Juwawo anaseka mpaka mimba kugwedezeka.

"A Mulinde, mwayamba kukonda zatsopano? Nanga mukaiseweretsa pa chiyani, pa koloboyi?"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo. Ndinawapempha lisiti, ndipo ndinati alembepo kuti ndi yatsopano chifukwa ndi mphatso ya munthu wovuta. Analemba, anadinda, n'kumata selotepi ya sitolo yawo pa pulasitiki. Ankaganiza kuti ndabwera kudzagula mtendere.

1991, Lachinayi ku boma

Mu ofesi munali bwana Thombozi kuseri kwa tebulo, kalaliki wolemba, a Juwawo atavala suti, ndi ine. Anangondo anabwera nane ngati mboni, ndipo anakhala pansi pafupi ndi chitseko ngakhale mpando unalipo. A Juwawo anayala chikalata chawo n'kulankhula nthawi yaitali. Anati iwo amalipira laisensi ya sitolo, anati zakale zimaononga makina a anthu, anati opanga magemu analemba okha kuti zisagulitsidwenso, ndipo munthu wosadziwa kuwerenga sangamvetse zimenezi. Bwana ankangogwedeza mutu.

"A Mulinde," anatero bwana, "kalata yanga munailandira. Simunaimve, kapena munainyoza?"

"Ndinaimva, bwana. Koma ndisanayankhe ndifunse a Juwawo. Inu simunagulepo kaseti yakale n'kuigulitsanso?"

"Ine? Sitolo yanga si dzala."

Ndinaika kaseti ndi lisiti pa tebulo. A Juwawo anavomera kuti selotepi ndi yawo, chidindo ndi chawo, ndipo katunduyo anachokera ku Limbe ali chomwecho. Ndinapempha bwana kuti ang'ambe okha pulasitiki, n'kuwapatsa mpeni wanga waung'ono womasulira timasikuluwu. Ndinaganiza za mbuzi ya mayi anu, ndi inu amene munali musanamalize sukulu.

"Musanatsegule, bwana, mayiwa anene chimene mupeze mkatimo."

Anangondo sanadzutse mutu. "Foro, seveni, seveni, thuu, naini," anatero. "Ndi nambala ya malemu amuna anga. Kuwerenga sindidziwa, koma imeneyo inkabwera pa kalata iliyonse kwa zaka khumi ndi chimodzi."

Kasikuluwu komaliza kanavuta. Bwana analimbana nako mpaka thukuta, kalaliki atasiya kulemba. Kenako kabokosi kanatseguka pawiri. Bwana anatenga chivundikiro, anapita nacho pa windo, anavala magalasi, n'kuchiyang'anitsitsa nthawi imene kwa ine inali ngati chaka. Ndiye anayamba kuwerenga mokweza, nambala imodzi imodzi, zonse zisanu monga ananenera Anangondo. Zinali zokhotakhota, zolembedwa ndi msomali wamoto. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

A Juwawo anaimirira nkhope itasintha. Munthu akapanikizika amalankhula zoona asanaganize.

"Nanga pali mlandu wanji pamenepa? Sitima anandigulitsa yekha, sindinamulande. Ndinagula ndi ndalama zanga. Chinthu ukagula ndi chako, ukhoza kuchisunga, ukhoza kuchigulitsa, palibe angakuletse."

Ine ndinali nditakonza mawu ambiri m'basi, koma sindinawafunenso.

"Bwana," ndinatero, "yankho langa ndi limene anena a Juwawoli. Kalaliki alembe momwemo, ine ndisaina."

Bwana Thombozi anayesa kudzigwira, koma phwete linawapulumuka, ndipo anabisa nkhope m'kampango ngati akutsokomola. Atapuma anatenga chikalata cha ku Limbe chija, anachiwerenganso bwinobwino, n'kunena kuti ndi pangano la pakati pa sitolo ndi oodetsa katundu, silikumanga munthu amene anagula kale chinthu chake, ndipo si lamulo la khonsolo. Anawauza a Juwawo kuti zakale akhoza kugulitsa ngati wina aliyense, koma azinena kuti ndi zakale, ndipo amene anawagulitsa zakale pa mtengo wa zatsopano akawapepese nkhani isanakafike kupolisi. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Inu a Mulinde ndinu munthu wovuta. Tsiku lina mukakana kalata yanga, muzibwera kudzandiuza, osati kundibwezera mesenjala ndi moni."

"Ndamva, bwana."

"Simunamve. Pitani mukagwire ntchito."

Ndinatuluka mu ofesi muja miyendo ili yopepuka ngati ya mnyamata. Sindibisa, ndinanyada, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimanyadabe. Sabata yotsatira kalata inazungulira m'misika yathu yonse yonena kuti katundu wakale amene si wakuba asaletsedwe. Okonza mawailesi ndi ogulitsa njinga, amene sankadziwa n'komwe kuti moto ukanafika kwa iwo, anapindula nayo.

1991 mpaka 1993

A Juwawo sanandipatse moni kwa miyezi isanu. Kenako ndinaona pa shelefu pawo kachikwangwani kolembedwa ndi choko kuti "Zakale", ndipo moni unabwerera wokha. Pofika 1993, pamene ndinkapereka chikwama cha chikopa kwa wondilowa m'malo, mzere wa magemu unali ndi anthu anayi, ndipo Lusiya, mwana woyamba wa Anangondo, anali ku sekondale. Penshoni yanga ndinalandira yonse. Mbuzi ya mayi anu ndinabweza, ngakhale iwo amati imene ndinagula inali yowonda.

Koma chimene chimandibwerera kawirikawiri ndi Loweruka loyamba titachoka ku boma. Kaseti ija inali yanga tsopano, lisiti ndinali nalo, koma m'nyumba mwathu munalibe magetsi kapena sikirini. Ndinaimanga bwinobwino timasikuluwu take n'kupita nayo pa thumba la Anangondo. Anthu anali atadzaza pamenepo, ena kudzagula, ambiri kudzangoona mayi amene anagonjetsa sitolo. Ndinang'amba tikiti yawo, kenako ndinatulutsa kasetiyo.

"Anangondo, iyi ndi yanga, ndinagula. Ndiye ndikhoza kuchita nayo chimene ndikufuna. Ndakupatsani, muigulitse."

Anailandira ndi manja awiri. Mphunzitsi wina amene anaima pamenepo anafunsa mtengo nthawi yomweyo, chifukwa kaseti imeneyo inali itatchuka dera lonse. Anangondo anaitembenuza, anaisisita ndi chala pamene panali nambala mkati, n'kuimanga pa nsonga ya chitenje chawo.

"Pepani aphunzitsi, sankhani ina," anatero. "Zonsezi ndi zogulitsa. Iyi yokha ikupita kunyumba, ana akaone dzanja la bambo awo."